Makalata a omvera: msilikali akabwerako ku mishoni

Takulandirani nonse amene mwatchera khutu madzulo ano. Sabata yatha tinakamba za asilikali athu amene akhala akupita kum'mawa kwa dziko la Congo kuyambira mu 2013, pamene Malawi, Tanzania ndi South Africa anapereka asilikali ku gulu lapadera la United Nations lolimbana ndi zigawenga kumeneko, ntchito imene asilikali amaitcha mishoni. Tinasiyira pa funso lakuti munthu akabwerako mumtima mwake mumakhala motani, nanga amene anatsala pakhomo. Makalata abwera ambiri, ena pa WhatsApp, ena olemba pamanja, ndipo lero ndiwerenga anayi. Mayina sinditchula, poti ena mwa olembawa akadali pantchito.

Yoyamba yachokera ku Zomba, kwa mayi amene ndi namwino wa matenda a maganizo.

"A Muulutsi, ndikufuna mabanja a asilikali adziwe kusiyanitsa chizolowezi cha munthu wochokera kunkhondo ndi matenda ofunika chipatala. Ena amafulumira kunena kuti wazungulira mutu pomwe sanadwale, ena amadikira zaka munthu akuzunzika.

M'nkhalango za ku Beni, ku Congo, msilikali amapulumuka chifukwa chogona khutu lili kunja, kudzidzimuka kamtengo kakathyoka, ndi kukayikira msewu umene wangoti zii. Thupi likaphunzira zimenezi kwa miyezi yambiri, silisiya tsiku limene ndege yatera ku Lumbadzi. Ndiye masabata oyamba musadabwe akamadzuka 2 koloko usiku kukayang'ana maloko, akamasankha mpando woyang'ana kukhomo m'tchalitchi, akamakana kulowa mumsika, kapena mango akagwa padenga la malata iye n'kudziponya pansi. Kwa ambiri zimenezi zimazilala zokha m'kati mwa mwezi, bola azigona, azidya, ndipo asamakhale yekhayekha.

Timaganizira matenda a maganizo obwera munthu akaona zoopsa, amene madokotala amawatcha PTSD, zizindikiro zikapitirira mwezi ndipo zayamba kusokoneza ntchito kapena banja. Zimene anaona zimabwerera zokha: maloto omwewomwewo usiku uliwonse, kapena masana fungo la dizilo, nyama yopserera pachiwaya, kulira kwa helikopita, makombola a pa Khrisimasi, zimamubwezera kuja moti kwa mphindi zingapo sadziwa kuti ali ku Malawi. Kenako amayamba kuzemba chilichonse chomukumbutsa. Nkhani za pa wailesi amazimitsa, kumaliro sapita, anzake amene anali nawo sawayankha foni. Mtima umauma: mwana akamuthamangira samva kanthu, ndipo zimenezi zimamuwawa iye mwini kuposa mmene a m'nyumba amaganizira. Thupi nalo silipuma, tulo ndi ta maola 3, mtima umangogunda, kapu ikagwa wapsa mtima.

Pali ziwiri zimene anthu sazidziwa. Matendawa amatha kubisala miyezi 6 kapena kuposa, n'kudzatulukira pamaliro a mnzake, popuma pantchito, kapena atamva kuti dzina lake lilinso pamndandanda wa opita. Komanso amene bomba linaphulikira pafupi akhoza kukhala ndi mutu wosatha, khutu lolira, chizungulire ndi kuiwalaiwala chifukwa ubongo unagwedezeka. Zimenezi muzimuuza dokotala padera, ngakhale panalibe bala."

Zikomo mayi. Ndiwonjezere za kumene mungapite ndi zimene mukapezeko, chifukwa ambiri amaopa kuti akangotchula za maganizo, mawa lake agonekedwa ku Zomba Mental. Sizili choncho. Yambirani kuchipatala cha kukampu kapena cha boma lanu, mufunse namwino kapena kiliniko ofesa woona za matenda a maganizo. Ku Mzuzu ndi ku Lilongwe kuli St John of God, ku Blantyre madokotala a matendawa ali ku Queen Elizabeth, ndipo ku Zomba komweko ambiri amaonedwa n'kubwerera kwawo tsiku lomwelo. Ena amaopa kuti akadziwika sadzakwezedwanso pantchito. Ine ndikuona kuti chimene chimawononga ntchito msanga ndi mowa, ndewu ndi kujomba, zimene zimabwera matendawa akasiyidwa.

Musanapite, tengani kope mulembe kwa masabata 2: wagona nthawi yanji, wadzuka kangati, walota kangati, wamwa mabotolo angati, chamukwiyitsa n'chiyani. Pamaso pa dokotala msilikali anazolowera kuyankha kuti ali bwino, ndiye kopelo limanena zimene pakamwa palephera.

Chithandizo chimene chimagwira kwambiri ndi uphungu wolunjika pa zimene zinachitikazo. Mumakumana ndi mlangizi wophunzira ntchitoyi kamodzi pa sabata, ola limodzi kapena ola ndi theka, kawirikawiri maulendo 8 mpaka 12, n'kumabwerera pang'onopang'ono ku tsiku loopsa lija mpaka ubongo utavomereza kuti zinachitika kale, sizikuchitika lero. Pamene pamavuta ndi masabata oyambirira. Maloto amatha kuchuluka, munthu n'kuganiza kuti uphunguwo ukumudwalitsa, n'kusiya. Musasiye, muuzeni mlangiziyo kuti muyende pang'ono. Akakupatsani mankhwala monga fluoxetine kapena amitriptyline, dziwani kuti sagwira ngati panado. Pamapita masabata 2 mpaka 4, nthawi zina 6, musanaone kusintha, ndipo mukapeza bwino mumapitirizabe miyezi 9 mpaka 12, kenako n'kumachepetsa mogwirizana ndi dokotala. Diazepam wogula mwamseri musamuyerekeze. Amagoneka masiku oyamba, pakatha masabata ochepa thupi limayamba kumufuna, matenda enieniwo sawakhudza, ndipo akaphatikizana ndi mowa amatha kuimitsa mpweya munthu ali mtulo.

Kalata yachiwiri ndi ya bambo a ku Ntcheu, sajeni wopuma pantchito.

"A Muulutsi, ine ndilankhula ndi amayi ndi ana za usiku, chifukwa ngozi zambiri m'nyumba ya msilikali zimachitika anthu atagona. Bambo akayamba kubwebweta, kutuluka thukuta ndi kuponya manja, musawagwire paphewa kapena pakhosi, ndipo musawaweramire. Dzanja limayankha mutu usanadzuke. Tsikani pabedi, imani chakumiyendo patali mapazi atatu, yatsani nyali, muwaitane ndi dzina la pakhomo, abambo ake a uje, osati la kuntchito. Akatsegula maso muwauze mofatsa kuti ali kunyumba, tsiku ndi lakuti, ndipo inu ndinu akazi awo. Musawafunse chimene amalota. Apatseni madzi amwe, asukusule. Chikwanje, mpeni ndi chibonga zisagone kuchipinda, khanda lisagone pakati, ndipo ngati akhala akumenya kutulo, kuyala pena kwa kanthawi si kutha kwa banja.

Ana auzidwe tsiku lofika lisanakwane kuti adadi sawadumphira kumbuyo, sawatseka maso mosewera, ndipo aziyamba kuwalankhula akadali patali. Phwando lowalandira likhale la anthu a m'nyumba, achibale ena abwere pakatha sabata, awiriawiri. Alendo aletsedwe funso lija lakuti munaphako angati. Funso limenelo limatseka munthu pakamwa kwa zaka.

Kwa iwe msilikali mnzanga, patchuthi usagone mpaka dzuwa kufika pamutu. Dzuka nthawi imodzimodzi tsiku lililonse, thamanga kapena lima kwa mphindi 30 mpaka ola, ndipo kamodzi pa sabata ukumane ndi mmodzi wa amene munali nawo m'kagulu kamodzi kunkhondo. Tulo tikavuta, botolo limodzi kapena awiri usanagone amathandiza."

A sajeni, zonsezi ndazilandira ndi manja awiri kupatula chomalizachi. Pa mowa ndikutsutsani, mwaulemu. N'zoona kuti mowa umagwetsa munthu msanga, koma ukamatha m'magazi pakati pa usiku ubongo umabweza maloto amene mowawo unawapanikiza, ndipo amabwera oopsa kuposa kale. Munthu amadzuka 3 koloko ali thukuta lokhalokha, mawa lake n'kuwonjezera botolo. Posakhalitsa awiri aja asanduka asanu ndi kachasu pamwamba, ndalama za mishoni zikutsalira kubala. Chamba nacho chimakulitsa kukayikira anthu, pomwe kukayikirako n'kumene tikufuna kutsike. Koma amene wakhala akumwa kwambiri tsiku ndi tsiku asasiye mwadzidzidzi payekha. Pakatha maola 6 mpaka 24 manja amayamba kunjenjemera, ena amagwa ngati akhunyu, ndipo pa tsiku lachiwiri kapena lachitatu amatha kusokonezeka n'kumaona zinthu zimene palibe, mpaka kutaya moyo. Kusiya kotere kuchitikire kuchipatala.

M'malo mwa botolo, tiyi, khofi ndi zakumwa zopatsa mphamvu zilekeke dzuwa likapendeka. Tulo tikakana kwa mphindi 20, dzukani mukhale pampando kowala pang'ono, foni ili kutali, mubwerere pabedi maso akalemera. Phunzirani kupuma kotsitsa mtima: kokani mpweya ndi mphuno mukuwerenga mpaka 4, tulutsani ndi pakamwa mukuwerenga mpaka 6, kwa mphindi 5, m'mawa ndi madzulo. Muzichita ngakhale tsiku limene muli bwino, monga mmene mumachitira perete, kuti tsiku lovuta thupi lidzakumbuke lokha. Zakuja zikakubwererani masana, pondani pansi mwamphamvu, tchulani mokweza zinthu 5 zimene mukuziona, 4 zimene mukuzikhudza, ndi 3 zimene mukuzimva.

Yachitatu ndi yaitali, ndipo ndiiwerenga yonse. Yachokera ku Mzuzu, kwa mayi amene amatsogolera gulu la amayi a asilikali pampingo pawo.

"A Muulutsi, nkhaniyi ikamakambidwa amatchula wovala yunifolomu yekha, pomwe wotsala naye amadwala.

Kukatsala masabata ochepa kuti anyamuke, m'nyumba mumabuka mikangano yopanda mutu. Bambo thupi lili pano mtima uli kale ku Congo, mayi akuona ngati sakufunidwanso. Si chidani, onse awiri ali ndi mantha ndipo palibe akufuna kuyamba kutchula. Nthawi imeneyi khalani pansi ndi pepala. Lembani ndalama zolowa pamwezi, za lendi kapena zomangira, fizi, feteleza, ndi zopita kwa makolo a mbali zonse ziwiri, kuchuluka kwake ndi tsiku lake. Apongozi auzidwe ndi mwana wawo yemwe asananyamuke, ankhoswe alipo, kuti mayi asadzatchedwe womana. Khadi la kubanki, nambala yachinsinsi ya Mpamba kapena Airtel Money, mapepala a malo, ndi dzina limene linalembedwa kuntchito kuti ndiye wolandira zinthu zikavuta, zonsezi mayi azidziwe. Khadi likapita m'thumba la bambo, mayi amathera kwa akatapila.

Mwezi woyamba ndi wowawa. Tulo palibe, chakudya sichilowa, foni ili m'manja ngakhale kubafa. Ndipo foniyo ndi imene imadwalitsa kwambiri. Mu Januwale 2025 asilikali athu atatu a gulu la SADC anaphedwa pankhondo ndi zigawenga za M23, mzinda wa Goma ku Congo unalandidwa, ndipo mabanja anadikira mpaka kumapeto kwa Epulo pamene asilikali anayamba kutuluka kudzera ku Rwanda kulowera ku Tanzania. Nthawi ngati imeneyo mphekesera zimathamanga kuposa uthenga weniweni. Ndiye gwirizanani asanapite kuti kukhala chete masiku angapo si imfa, mwina ali kuthengo kapena netiweki yadulidwa. Nkhani muzimvera kawiri patsiku, osati pogona. Chithunzi cha mtembo musatsegule ndipo musatumizire mnzanu. Uthenga wa ngozi dikirani kwa akuluakulu a kukampu, osati pa gulu la WhatsApp, ndipo sungani nambala ya wamkulu amene watsala kuyang'anira mabanja.

Akaimba foni mphindi ndi zochepa. Za mpopi wothyoka ndi nkhuku zakufa zikhale zanu, poti sangazikonze ali kutali ndipo adzanyamuka nazo m'mutu popita kuthengo. Koma zazikulu, monga mwana kugonekedwa kuchipatala, musabise, chifukwa akadzamva kwa ena chikhulupiriro chimatha. Kwa abambo ndinene ichi: musaike mchimwene kapena mlongo wanu kukhala kazitape wa akazi anu. Miseche yakuti tawaona akutsika pakabaza ya uje yapasula mabanja ambiri, ndipo munthu amene ali kale ndi mantha a nkhondo amaikhulupirira msanga.

Ana nawo amaonetsa m'njira yawo. Wamng'ono amayambanso kukodza pogona, wamkulu amatsika m'kalasi kapena kuyamba ndewu. Musawamenye, auzeni aphunzitsi kuti bambo awo ali ku mishoni. Tsiku lenileni lobwerera musawalonjeze poti limasunthasuntha. Nenani kuti chimanga chikamacha, kapena mayeso akamayandikira.

Chovuta kwambiri ndi kubwerako. Sabata yoyamba kapena ziwiri m'nyumba mumakoma, kenako pamabuka funso lakuti akulamula ndani. Mayi wayendetsa khomo yekha miyezi yonseyi, wagula mbuzi, wasintha sukulu ya mwana, waphunzira kukambirana ndi amisiri. Bambo akufuna mpando wawo, ndipo mawu awo akutuluka ngati akulamula asilikali. Langizo langa ndi lakuti mwezi woyamba bambo ayambe aona mmene pakhomo pakuyendera, asasinthe malamulo a ana. Ndalama za mishoni zisagule chachikulu chilichonse, kaya galimoto kaya malo, masiku 30 asanathe. Kamodzi pa sabata mukhale pansi theka la ola, ana atagona, popanda mowa, nkhani imodzi yokha. Kuchipinda thupi limatha kukana, la bambo kapena la mayi, chifukwa cha kutopa, mantha kapena mankhwala. Umenewo si umboni wa chibwenzi. Mukayezetse magazi limodzi, mitima ikhale pansi, ndipo musathamangitsane."

Mayi, mwatiphunzitsa, zikomo kwambiri. Zimenezi zikukhudzanso abambo amene akazi awo ndi asilikali, poti amayi nawo amapita ku mishoni, ndipo bambo wotsala ndi ana sapeza gulu ngati lanulo.

Kwa wotsala pakhomo ndinene malire. Mukakhala masabata 2 muli okhumudwa pafupifupi tsiku lonse, zimene munkasangalala nazo sizikukomaninso, tulo ndi chilakolako cha chakudya zasokonekera, amenewo ndi matenda ndipo amachizika. Ambiri amapita kuchipatala n'kunena za mutu, msana, kutentha pamtima, n'kulandira panado ulendo uliwonse. Muziwonjezera mawu awa: ndikuganiza kwambiri, sindikugona, amuna anga ali ku mishoni. Mayi amene amayenda monyang'ama m'nyumba mwake momwe, kuletsa ana kuseka kuopa kukwiyitsa bambo, nayenso akufunika uphungu wakewake.

Pa mkwiyo, gwirizanani mawu amodzi muli pamtendere, oti wina akawatchula mkangano uime. Wokwiyayo atuluke, ayende mphindi 30, asapite kubala, asayendetse galimoto, ndipo winayo asamutsatire. Akabwera, nkhani ikambidwe tsiku lomwelo kapena m'mawa. Koma kumenya ndi nkhani ina. Matenda amafotokoza kumene mkwiyo wachokera, sapereka chilolezo. Akakukanyangani pakhosi ngakhale kamodzi, akatulutsa chida, kapena akanena zakupha, chokani ndi ana usiku womwewo, mukanene ku Victim Support Unit ya polisi ndi kwa akuluakulu ake. Ankhoswe athandize pa ndalama ndi apongozi, koma pa nkhanza mawu akuti pirirani asatuluke pakamwa pawo.

Yomaliza ndi yaifupi, ya mkulu wa mpingo ku Salima.

"A Muulutsi, ife a mpingo timalandira asilikali amene akagona amaona nkhope za anthu amene anafa iwo akuona, ena anzawo, ena a mbali inayo, ena ana. Achibale amati ndi mizimu yowatsata ndipo ena amapita nawo kwa asing'anga kukasamba. Ife timapemphera nawo. Tingadziwe bwanji kuti apa pemphero likufunika kuyenda limodzi ndi chipatala?"

Bambo, mwafunsa bwino. Vutoli si la lero. Azigogo athu a KAR, gulu la asilikali la nthawi ya atsamunda, anakamenya nkhondo ku Burma mu 1944 ndi 1945 dzina lakuti PTSD kulibe, poti linalowa m'mabuku a madokotala mu 1980, nkhondo ya ku Vietnam itatha. Nkhope zimene asilikali anuwo akuona kawirikawiri zimayenda ndi kudziimba mlandu. Mu Novembala 2018 asilikali a Malawi 6 anafa polimbana ndi zigawenga za ADF kudera la Beni. Mmodzi mwa iwo, Private Chancy Chitete, anawomberedwa akupulumutsa msilikali wa ku Tanzania amene anavulala, ndipo United Nations inamulemekeza ndi mendulo mu Meyi 2019. Amene amabwerako amoyo pa tsiku ngati limenelo amakhala ndi funso lakuti bwanji iye osati ine, ndikanachedwa pang'ono, ndikanathamanga. Apa mpingo uli ndi ntchito imene mapiritsi sangaigwire. Mverani osadula mawu, osanena kuti iwalani. Muloleni atchule mayina a anzake m'pemphero, mumuperekeze kukaona amasiye akafuna, ndipo musamuimiritse kutsogolo kuti apereke umboni iye asanakonzeke.

Zimene zimawononga ndi mapemphero a usiku wonse kwa munthu amene sakugona kale, kusala kudya masiku ambiri, kumuzungulira gulu mukufuula ndi kumugwira mutu kuchokera kumbuyo, kumumanga, ndi kumuuza kuti ataye mankhwala.

Mupite naye kuchipatala tsiku lomwelo akamanena kuti banja likhala bwino iye kulibe, akayamba kugawa katundu ndi kutsanzika, akatha masiku atatu osagona n'komwe, akamamva mawu a anthu amene palibe, kapena akangokhala phee mwadzidzidzi atavutika kwa nthawi yaitali. Mufunseni mosazungulira kuti kodi mukuganiza zodzipha. Funso limeneli silimupatsa maganizowo, ambiri amapepukidwa kuti wina wafunsa. Akavomera, asakhale yekha ngakhale ola limodzi. Chotsani m'nyumba mankhwala a makoswe ndi a m'munda, zingwe ndi mapiritsi. Ngati akumwa amitriptyline, amene ndi woopsa akamwedwa wambiri, asunge mkazi wake kapena m'bale n'kumamupatsa wa tsikulo basi. Auzeni akuluakulu ake kuti asamuike pantchito ya mfuti. Chipatala chilichonse chapafupi chikwanira, ngakhale usiku. Akatuluka, masabata oyamba ndi amene ngozi imakhala yaikulu, ndiye gawanani masiku omuyendera ndipo mmodzi wa inu amuperekeze pa tsiku limene a chipatala anamulembera kuti abwerere.